Woyankha Wachinayi

Apageti anabadwa pa 9 Malichi 1949, ndipo analembedwa ntchito pa fakitale ya mabulangete pa 2 Juni 1975. Ntchito yawo inali kutsegula ndi kutseka geti, kuliza belu, ndi kusuzumira m'zikwama za antchito poweruka. Dzina lawo lenileni linafera pa geti pomwepo, moti ngakhale apongozi awo ankawaitana kuti Apageti. M'kati mwa fakitale sanagwiremo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Akatumidwa ndi a mu ofesi, ankangofika pakhomo la chipinda chopesera thonje, chimene antchito ankachitcha kuti ku Fumbi, n'kukuwira amene akufunidwayo, kenaka n'kubwerera pampando wawo akudzisasa malaya.

Ku Fumbi kunkagwira akazi okhaokha. Panali mmodzi wamfupi, wa pakamwa posachedwa, amene chikwama chake Apageti ankachisecha mofatsa kuposa zikwama zonse. Tsiku lina mkaziyo anatopa nazo.

"Kodi tsiku ndi tsiku mumafunamo chiyani m'chikwama changa? Munatayiramo mkazi?"

"Sindinataye," anatero Apageti, "ndikufuna kumene."

Anakwatirana chaka cha 1977, nabereka ana anayi. Wotsiriza anali wamkazi, ndipo aliyense ankangomutcha Mzime.

Madzulo alionse amake Mzime ankakhala pakhonde kumachotsa thonje m'tsitsi, uku akufotokoza za tsikulo. Ankanena za makina amene ankalira mpaka munthu kumamva ndi mano. Ankanena za kapitawo amene ankatseka mawindo poti mphepo imamwaza thonje, za kansalu konyowa kamene ankamanga kukamwa, kamene pofika masana kankakhala kataphuka ubweya. Ankati Lolemba lililonse, munthu akangolowa m'chipindamo atapuma Lamulungu, chifuwa chinkathina ngati wina wachimanga ndi lamba. Apageti ankamvetsera akupukuta nsapato zawo. Anamvetsera choncho zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka chipinda chimene sanagwiremo anachidziwa ngati thumba la buluku lawo.

Fakitale inatsekedwa pa 30 Novembala 1999. Amake Mzime anatuluka pa geti komaliza ali ndi bulangete limodzi la mphatso ndi chifuwa chosapola. Anayamba kuwonda. Kumapeto sankathanso kugona chagada, ankagona chokhala atatsamira khoma. Anamwalira pa 17 Ogasiti 2002.

M'zaka zimenezo mkazi akawonda akutsokomola, anthu ankadziwa dzina limodzi lokha la nthendayo, ndipo sankalitchula mokweza. Pa mpope wa madzi akazi ankanong'onezana kuti, "Watengera kwa mwamuna wake, ameneyo zikwama za akazi anasecha zambiri." Mzime, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anawamva ndi makutu ake ataima kumbuyo kwawo ndi ndowa. Apageti nawonso ankadziwa kuti maso a anthu ali pa iwo, kudikira kuti ayambe kuwonda. Sanawonde.

Mwezi wa Febuluwale chaka chotsatira, kunabwera wophunzira wa ku koleji ndi kachikwama ka mapepala ndi makina ojambulira mawu. Ankalemba kafukufuku wa moyo wa antchito a fakitale yotsekedwayo. Anali atayenda m'mizere yonse ya nyumba kufunafuna bambo amene anagwirako m'kati, ndipo aliyense ankamuloza kwina. Pamapeto wina anati, "Pitani kwa Apageti, palibe cha pa fakitale chimene sachidziwa."

Apageti anamuona akubwera, nsapato zili mbuu, milomo itauma. Anamupatsa mpando ndi madzi. Kwa iwo, mlendo amene wayenda mtunda sabwezedwa chimanjamanja. Ngati ulibe chomwe akufuna, umamupatsa chomwe uli nacho n'kumuuza kuti ndi chomwecho. Atafunsidwa kuti ku Fumbi kunali kotani, anatsegula pakamwa kuti anene kuti "malemu akazi anga ankati", koma mawuwo anakana kutuluka. Panali patangopita miyezi isanu ndi umodzi. Kulira pamaso pa mlendo, mwana wa eni ake, sakanatha. Ndiye anati, "Ife tikalowa m'mawa..." Mawu atayamba kuyenda, "ife" anasanduka "ine". Anafotokoza za kansalu konyowa, za mawindo otsekedwa, za makina omveka m'mano. Pofotokozapo ankamva ngati malemuwo akhala pambali pawo pakhondepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni maliro mtima wawo unapepuka.

"Munagwira zaka zingati m'chipindamo?" anafunsa wophunzirayo.

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"Nanga inuyo mumatsokomola?"

Funso limenelo linawabaya pa bala la manong'onong'o aja. Anadzimenya pachifuwa ndi chibakera.

"Ine? Tamverani mmene chikulirira. Chimfine chikandiona chimakhota njira. Lembani kuti ine ndili bwinobwino, sindinadwalepo."

Wophunzirayo analemba. Anawasainitsa pepala lovomereza, nawalonjeza kuti dzina lawo silidzatchulidwa, m'bukumo adzangokhala Woyankha Wachinayi.

Patapita zaka zitatu kunabwera wina, atawerenga za Woyankha Wachinayi m'buku la mnzake uja. Kenaka wachitatu, mphunzitsi wa pa koleji pomwepo. Apageti anazolowera. Nyengo ya kafukufuku ikafika ankachapitsa jekete, n'kutulutsa mpando wabwino. Ana a moyandikana akaona munthu wa mapepala ankangomutsogolera kwa iwo osafunsa n'komwe. Nkhani yawo inasalala ngati mpini wa khasu lakale. Mawu ake anali omwewo, popumira pake pomwepo, ndipo chibakera cha pachifuwa sichinkaphonya. Sankadziona ngati munthu wonama. Chilichonse chimene ankanena za chipindacho chinali choona, ndipo zoti iwo satsokomola zinalinso zoona.

Mzime anaphunzira unamwino, nakwatiwa, nakhala mbali ina ya mzinda. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anabwerera ku koleji kukawonjezera maphunziro. Atauzidwa kuti asankhe mutu wa kafukufuku sanachedwe: ankafuna kusonyeza, ndi umboni woti munthu sangautsutse, kuti akazi a ku Fumbi anaphedwa ndi fumbi la thonje. Anauza bambo ake kuti, "Ndikufuna zilembedwe m'buku, kuti amene ananena za amayi pa mpope paja, ana awo adzawerenge." Apageti ananyadira kwambiri. Anauza msewu wonse.

Loweruka pa 11 Meyi 2019, Mzime anafika masana osatumiza uthenga. Sanavule nsapato, sanafunse za miyendo yawo monga ankachitira. Anayala mapepala pa tebulo la pabalaza, nawatsamiza ndi kapu kuti asauluke.

"Ababa, khalani pansi ndikuonetseni zinthu."

"Wabwera ngati wapolisi bwanji? Ngakhale moni?"

"Muli bwanji, Ababa. Ili ndi buku la mphunzitsi wina wa ku koleji kwathu. Likuti kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti fumbi la pa fakitale ino silinali loopsa kwenikweni, poti ena anagwiramo zaka zoposa makumi awiri osadwala. Latchula magwero atatu. Ndinawatsata limodzilimodzi, monga amatiphunzitsira, kuti ndione aliyense anazitenga kuti. Wachitatu anatenga kwa wachiwiri. Wachiwiri anatenga kwa woyamba. Woyambayo ndinakamufukula m'chipinda chosungira mabuku akale, pansi pa makatoni. Onsewo akutsamira pa munthu mmodzi." Anaika chala pa pepala. "Woyankha Wachinayi. Mwamuna, wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wokhala pafupi ndi thanki ya madzi. Ababa, ku Fumbi kunalibe mwamuna kupatula kapitawo, ndipo kapitawoyo anamwalira fakitale isanatsekedwe."

Apageti anamwetulira, naweramira pepalalo.

"Ndiye ndinedi ameneyo. Taona, anandilemba m'mabuku atatu!"

"Anayi."

"Anayi! Amako akanaona."

"Musawatchule amayi." Mzime anagogoda pepalalo ndi chala. "Mawu awa ndi awo. Kansalu konyowa, lamba wa Lolemba, ndinkawamva ine ndili pa mkeka apo. Munatenga mawu awo n'kuwaveka chifuwa chanu. Tsopano mabuku akuti munthu amene anapuma fumbi lonse lija ali bwinobwino, akudzimenya pachifuwa. Ndiye amayi anafa ndi chiyani? Tandiuzani, poti mabuku akuti si fumbi."

Apageti anasiya kumwetulira. M'khitchini mpope unkadontha m'beseni.

"Mwana wa sukulu uja anali atatopa," anatero pamapeto pake. "Ndikanamubweza?"

"Mukanamutumiza kwa Atelala. Anali moyo, ali moyo mpaka lero."

"Atelala sadziwa kuyankha anthu a sukulu."

Atelala anali mnzawo wa malemu, amene anagwira nawo makina oyandikana ku Fumbi, ndipo fakitale itatsekedwa anayamba kusoka zovala pakhonde la sitolo. Mwa akazi onse a m'chipinda chija, otsala odziwika anali iwo okha. Tsiku lotsatira Mzime anapita kwa iwo ndi foni yojambulira, Apageti akumutsatira pambuyo ngakhale sanaitanidwe. Anawapeza atakhala pa bedi, atatsamira mapilo atatu, mpweya ukulira m'chifuwa ngati chitseko cha dzimbiri.

"Amayi, ndiuzeni za ku Fumbi, mmene inuyo mukukumbukira."

"Iii, mwana wanga, bwanji osafunsa abambo akowa? Ndiwo amadziwa kayankhidwe kake."

"Ndikufuna zanu."

Atelala anayang'ana Apageti amene anaima pakhomo, nakonza mpango wawo, nayamba ndi mawu a mwambo ngati akulakatula pa sukulu: "Ife tikalowa m'mawa..." Ananena za kansalu, za mawindo, za makina, mwa ndondomeko yomweyo, kupumira pomwe Apageti ankapumira. Kwa zaka zambiri ankamva nkhaniyo ikukambidwa kwa alendo pakhonde la anzawo, mpaka anakhulupirira kuti umo ndi mmene imayenera kunenedwera. Atafika kumapeto anakweza dzanja lawo lowonda, nadzigunda pachifuwa pang'ono, nati, "Koma ife tili bwinobwino." Chifuwa chinawagwira pomwepo, ndipo anatsokomola mpaka misozi.

Apageti anatuluka panja, nakaima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Sanathe kubwereranso m'chipindamo.

Usiku umenewo sanadye. M'mawa anaimbira Mzime foni.

"Unditengere kwa aphunzitsi akowo. Ndikawauze ndekha kuti ine ndinali wa pa geti. Chithunzi cha yunifolomu ndili nacho. Ndikakonza zimene ndinapotoza."

Anapita Lachinayi pa 23 Meyi. Ofesi ya mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wa Mzime inali yaing'ono, mapepala ataunjikana mpaka pawindo, mipando ya alendo iwiri, umodzi wothyoka chotsamira. Mphunzitsiyo anali mayi wa imvi zochepa, wolankhula mofatsa. Anaimirira polonjera Apageti, nawapatsa mpando wabwinowo.

Apageti anafotokoza zonse chipewa chili pa bondo. Nthawi ino anati "malemu akazi anga", ndipo mawuwo anatuluka. Anatulutsa chithunzi: iwo ali mnyamata, mu yunifolomu, belu lili m'manja. Atamaliza anapumira m'mwamba nati, "Ndiye fufutani zakalezo, mulembe izi."

Mphunzitsiyo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Bambo, ine monga munthu ndakukhulupirirani. Koma ndiloleni ndikuuzeni mmene oyesa kafukufukuyu adzazionere. Munauza anthu atatu osiyana, pa zaka zosiyana, mutasaina, kuti munagwira m'chipindamo. Anthuwo sanali abale anu. Lero mukunena zina, ndipo mukuzinena kwa mwana wanu, pa nthawi imene kafukufuku wake akufuna kuti munene zimenezo. Adzafunsa kuti, munthu ameneyu ananama liti, kale kapena lero?"

"Chithunzichi sichikunama."

"Sichikunama. Ndi chithunzichi mwana wanu atha kulemba kuti magwero atatu aja ndi gwero limodzi, ndipo gwerolo silinali m'chipindamo. Zimenezo n'zofunika, ndipo ndimuthandiza kuzilemba. Koma taonani chimene chikugwa nazo." Anatembenukira kwa Mzime. "Mutu wako wachiwiri wonse, wa mawindo otsekedwa, wa kansalu, wa chifuwa cha Lolemba, unautenga kuti?"

Mzime anayang'ana pansi. "M'buku loyamba lija."

"Kwa Woyankha Wachinayi. Sungamugwetse pa tsamba ili n'kumuimiritsa pa tsamba linalo. Ngati sanali m'chipindamo, zonse zimene ananena ndi zongomva."

"Ndinazimva kwa mwini wake!" Apageti anakweza mawu. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri, pakhonde panga!"

"Ndikudziwa, Bambo. Akanakhala kuti tsiku loyamba lija munanena choncho, bwenzi lero tili ndi umboni wa mwamuna wa wantchito, wonenedwa kale, kwa mlendo, wopanda chokayikitsa. Ukanakhala umboni wabwino ndithu." Anatero mosakalipa, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunawapweteka. "Nanga mafayilo a kachipatala ka pa fakitale?"

"Denga linagwa," anayankha Mzime. "Mvula ndi makoswe zinamaliza. Pa chikalata cha imfa ya amayi analemba kuti chifuwa, basi."

Mphunzitsiyo anapitiriza: "Atelala amene unawajambula aja ndawamvetsera. Akunena mawu a m'buku loyamba, liwu ndi liwu, mpaka kumaliza ndi kuti ali bwinobwino. Akapimidwa, tidzakhala ndi chifuwa cha munthu mmodzi, patapita zaka makumi awiri chitsekereni fakitale, atakhalanso zaka zonsezo akuphikira pa makala. Munthu mmodzi sanganyamule mutu umene wasankhawu. Kugwetsa nyumba ya ena ungathe, koma yako ulibe njerwa zomangira. Nthawi yatsala yochepa. Ndikukulangiza usinthe mutu."

Mzime sanalire. Anasonkhanitsa mapepala ake, nawalowetsa m'chikwama mosamala kwambiri, ngati angasweke.

Potuluka, Apageti anapempha kuti awaonetse kumene kumakhala mabukuwo. Mzime anawatsogolera ku laibulale. Anawatsitsira buku la mphunzitsi lija pa shelefu, nawatsegulira tsambalo. Apageti anavala magalasi, natsata mzerewo ndi chala, milomo ikuyenda. Kenaka anatulutsa cholembera m'thumba la jekete.

"Madala, madala!" Woyang'anira laibulale anathamanga kuchokera pa tebulo lake. "M'mabuku salembamo."

"Ndikungokonza pang'ono. Mawu awa ndi anga, ndinalakwitsa."

"Kaya ndi anu, buku ndi la koleji. Ndipo si lokhali, alipo asanu ndi limodzi, ena ali ku makoleji ena. Mukonza angati?"

Ophunzira a pa matebulo oyandikira anadzutsa mitu. Wina anaseka chamumtima. Mzime anawalanda cholemberacho mofatsa, nabwezera buku pamalo pake.

M'basi anakhala mpando umodzi. Atayandikira pamene Mzime ankatsikira, Apageti anati, "Ndiye amako sadzalembedwa?"

"Sadzalembedwa."

"Ngakhale mzere umodzi?"

"Mzere wawo munaudya inu, Ababa."

Anatsika. Apageti anamuyang'ana pawindo akuwoloka msewu, chikwama chili pachifuwa, osacheuka.

Mzime anasintha mutu. Analemba za kutalika kwa mizere ya odwala pa chipatala chimene ankagwira, ndipo anakhoza bwino. Kalata imene iye ndi mphunzitsi wake analembera mlembi wa buku lija inayankhidwa mwaulemu, kuti adzakonza bukulo likadzasindikizidwanso. Silinasindikizidwenso. Atelala anamwalira pa 4 Okutobala chaka chomwecho, ndipo pa maliro awo anthu anati unali ukalamba.

Mzime sanasiye kusamala bambo ake. Ankabwera kumapeto kwa mwezi ndi sopo ndi mankhwala a miyendo, ankawachapira, ankawameta. Ankakamba za ana, za mvula, za denga lodontha. Za fakitale sanazitchulenso, ndipo Apageti akayamba kuti "amako ankati", iye ankanyamuka kukaona madzi pa moto. Chaka chotsatira kunabwera wophunzira wina wa mapepala, atatsogoleredwa ndi ana monga kale. Apageti anamupatsa madzi, namuuza kuti munthu amene akumufunayo anasamuka.

Anamwalira pa 28 Julayi 2022, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, atagwa m'bafa. Adokotala amene anawapima anauza Mzime kuti mapapo awo anali oyera ngati a mnyamata.

Buku lija likadali pa shelefu yachitatu kuchokera pansi, pafupi ndi windo. Pa kapepala ka kuchikuto chake, chidindo chomaliza chikusonyeza kuti linabwerekedwa pa 6 Malichi chaka chino.